Duwa la apongozi ndi mlandu wa masamba

Apongozi anga pondipatsa duwa la spider plant anati, "Limeneli silifa, ngakhale lisungidwe ndi munthu waulesi." Ndinawathokoza, koma mawuwo ndinawamva komwe ankalowera.

Linabwera lokongola: masamba aataliatali, mzere woyera pakati, tiana take tili lendelende kunsonga kwa timitengo. Posakhalitsa nsonga za masamba zinayamba kuuma. Ine ndinati ndi ludzu basi, ndiye kuthirira m'mawa, kuthirira madzulo. Masamba a m'munsi anasanduka achikasu, dothi n'kuyamba kununkha. Nditalizula ndinapeza mizu yonenepa, yoyera, yomwe imasunga yokha madzi, ina itafewa n'kuyamba kuola. Mphika wake unalibe ngakhale kabowo pansi. Ndinadula mizu yoolayo, ndinasintha dothi, ndinapeza mphika wa mabowo ambirimbiri. Kumbukirani mabowowa.

Kuuma kwa nsonga kuja gwero lake linali madzi a pampopi. Duwali silimvana ndi fuloraidi, mankhwala amene amapezeka m'madzi ena a pampopi, komanso mchere wa feteleza ukaunjikana m'dothi umawaula masamba. Ndinayamba kulitungira madzi a mvula, ife eni nyumba tikumwa a pampopi omwewo. Nsonga zouma sizibiriwiranso, ndinangozidula ndi sizasi mopendeketsa kuti apongozi asazindikire. Pawindo dzuwa la masana linkaliwotcha, pakona yamdima mzere woyera uja unkazimirira, mpaka ndinalipezera malo owala koma osafika dzuwa lenileni.

Litangoyamba kuchira, masamba anayamba kupezeka oduka pakati, m'mbali muli manomano. Ndinatembenuza tsamba lililonse kufuna nsabwe ndi tizilombo tija tokhala ngati thonje. Kunalibe. Otsala anali amuna anga.

"Bambo, kodi duwali lakulakwirani chiyani?"

"Ine? Duwa la amayi anga?"

"Nanga nthawi zonse mukamalankhula pafoni simumathothola chilichonse chili pafupi?"

Anangoseka n'kukagona. Ine ndinatsala pabalaza, magetsi nditazimitsa, tochi ili m'manja. Pakati pa usiku ndinamva kukute kukute. Kuyatsa tochi, mphaka wathu ali pa tebulo, tsamba lili m'kamwa, akundiyang'ana ngati wolakwa ndine. Mwayi wake duwali si poizoni kwa amphaka, kungoti akadya kwambiri amasanza, ndipo umboni wake ndinauponda ndi phazi lopanda nsapato pobwerera kuchipinda.

Kutacha ndinaganiza zolipachika m'mwamba, poti duwali limakongola likamalendewera. Ndinalithirira kaye mokwanira, kuti madzi atsuke mchere uja m'dothi. Kenaka ndinakwera pampando, mphika nditaunyamula pamwamba pa mutu, ndikufunafuna mbedza kudenga.

Mabowo aja anagwira ntchito yawo mokhulupirika. Madzi amatope anatsikira m'tsitsi, m'maso, m'khosi mpaka kumsana. Manja onse ali m'mwamba, mpando ukugwedera, mphaka ali pansi akudumphira tiana ta duwa tomwe tinkandikwapula kumaso. Ndinakuwa kuitana amuna anga.

Chitseko chinatseguka, koma olowa sanali iwo okha. Kumbuyo kwawo kunali apongozi, chikwama chili m'manja. Anayang'ana duwa, anayang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anafunsa mwaulemu kwambiri.

"Mwananga, kodi akukula bwino ndani pamenepa, inu kapena duwalo?"