Kachingwe ka buluu kandiyendetsa mpaka ku Zomba

Lolemba m'mawa abwana anandiitana n'kundiuza kuti ma switch athu onse (zipangizo zolumikizira makompyuta pa netiweki), a kuno ku Blantyre ndi a ku nthambi ya ku Zomba, asiyiretu Telnet, njira yakale yolowera mu switch uli patali, n'kuyamba kugwiritsa ntchito SSH. Sindinatsutse. Telnet imadutsa pa port 23 ndipo dzina ndi pasiwedi imazitumiza poyera, moti aliyense amene watsegula Wireshark, pulogalamu yoonera zodutsa pa netiweki, panjira yake atha kuziwerenga. SSH, ya pa port 22, imabisa zonse. Ndinati, "Pofika Lachitatu zikhala zatheka, bwana."

Lachiwiri zonse zinayenda bwino. Ma switch athu ndi a Cisco Catalyst 2960, okalamba koma olimba. Iliyonse ndinaipatsa hostname ndi domain name, kupanga kiyi wa RSA wa mabiti 2048 amene SSH singagwire ntchito popanda iye, kenako pa line vty 0 15 kuika login local ndi transport input ssh, kuti wolowa ali patali azifunsidwa dzina ndi pasiwedi komanso azidzera pa SSH pokha. Ndinatsekanso tsamba lolowera pa browser, ngakhale mnyamata amene tikumuphunzitsa ntchito anadandaula, poti iye amakonda zodinadina ndi mbewa ya kompyuta. Chimene chinandidzidzimutsa ndi SNMP, njira yoonera mmene switch ikugwirira ntchito uli patali: mawu olowera anali akadali "public", omwe aliyense amayamba kuyesa. Amene anaziika anachoka kalekale, ndiye ndikanakalipira ndani?

Lachitatu ndi pomwe ndinadzitchera ndekha msampha. Ya ku Zomba ndinailowa ndili pampando wanga. Chifukwa cha ulesi, malamulo onse ndinangowamata kamodzi mu PuTTY, pulogalamu yolowera mu switch, osazindikira kuti mzere wa domain name ndausiya. Switch inandiuza ndithu kuti popanda domain name sinapange kiyi, koma uthengawo unakwera m'mwamba n'kubisika. Telnet yomwe ndinalowera sinaduke, chifukwa lamulo latsopano limagwira okhawo ofuna kulowa kumene. Ine poona kuti ndidakali mkati, ndinalemba write memory, lamulo losunga zosinthazo, n'kutseka windo. Kuyesa SSH, yakana. Kubwerera ku Telnet, ndinaitseka ndekha. Ndikanapanda kusunga, ndikanangoimbira mayi a pa reception ku Zomba kuti azimitse n'kuyatsanso, switch n'kubwerera mwakale. Komanso pali lamulo lakuti reload in 10, lomwe limayambitsanso switch pakatha mphindi 10 ngati sunaliletse. Ndimaliphunzitsa ena, koma tsikulo silinandibwerere m'mutu.

Anthu a ku Zomba sanadziwe kanthu, intaneti yawo inkayenda bwinobwino. Wotsekeredwa panja ndinali ine ndekha.

Lachinayi ndinakwera minibasi ku Limbe, m'chikwama muli laputopu ndi kachingwe ka console, kaja kaphwatalala ka buluu kolumikizira laputopu ku switch mwachindunji, pamodzi ndi adaputa ya USB. Switch ili m'kabati pamwamba, pafupi ndi denga, fumbi lokhalokha. Ndinakwera pampando, kulumikiza chingwe, kusankha Serial mu PuTTY, liwiro 9600, n'kudina Enter. Inatseguka osafunsa n'komwe pasiwedi. Ndinasangalala, kenako ndinachita mantha: ndiye kuti zaka zonsezi aliyense wokhala ndi chingwe chotere akanatha kulowa mu switch imeneyi. Kukonza kunanditengera mphindi zisanu, kuphatikizapo kuika pasiwedi pa line con 0, pomwe munthu amalowera ndi chingwe. Ulendo uno sindinazule chingwe mpaka mnyamata uja atalowa pa SSH ali ku Blantyre n'kundiimbira kuti, "Zatheka, achimwene."

Lachisanu abwana anafunsa za ndalama ya thiransipoti. Ndinawafotokozera zonse momwe zinakhalira. Anaseka, anasaina, n'kundiuza kuti ndigule chingwe china cha console chizikhala ku Zomba konko, m'kabati yokiya.