Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Gumbagumba ya ku Chiputula

M'gawo lathali ndinakusiyani tili pa lole, tikukwera mapiri a Viphya pa ulendo wosamuka ku Dedza kupita ku Mzuzu m'chaka cha 1976. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti kutsogolo, pampando wa pambali pa dalaivala, sikunakhale mayi ayi. Kunakhala gumbagumba, itafunditsidwa bulangete la bambo. Mayi anali kumbuyo ndi ife pa matumba a chimanga, mphepo ya ku Chikangawa ikutimenya, ndipo nkhani imeneyi ankawakumbutsabe bambo mpaka imvi zitamera.

Gumbagumbayo inabwera ndi amalume kuchokera ku Joni. Iwo anali m'gulu la anthu omalizira a Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa zolemba anthu ntchito ya kumigodi. Amene anali kale kumeneko ankabwera kontalakiti ikatha. Amalume anafika ndi njinga, jekete lalitali, ndi wailesi ya Supersonic, dzina la fakitale ya ku Bulawayo limene masiku amenewo ngakhale mwana ankalidziwa. Ndalama za ku Joni sizichedwa kutha. Nyumba itafuna malata, anaigulitsa kwa bambo pamodzi ndi mulu wa mbale za nyimbo. "Alamu," anatero potsazikana nayo, "ana asakhudze singano. Zina zonse akhoza kukhudza."

Linali bokosi lathabwa lalitali, la miyendo inayi yowonda, lonyezimira polishi. Mbali imodzi wailesi, mbali ina, ukatsegula chivindikiro, chimbale chozungulira ndi mkono wake. Pambali panali kabatani ka manambala atatu: 33, 45 ndi 78, kutanthauza kuti mbale izungulire kangati pa mphindi imodzi. Zing'onozing'ono za 45 zinali ndi nyimbo imodzi mbali iliyonse, ndipo ndizo zinkagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Zazikulu za 33 zinkaimba mphindi ngati 20 usanatembenuze. Za 78 tinali nazo zochepa, zakale, zolemera, zimene zikagwa pasimenti zinkangoti phwa! Zimenezi zinali ndi singano yakeyake, chifukwa timizere take n'totakasuka. Unkatembenuza kamutu ka pamkono paja kuti singano yonenepayo iyang'ane pansi.

Nyumba yathu ku Chiputula, ku Mzuzu, inalibe magetsi, choncho zonse zinkadalira batire, lalikulu la ngodya zinayi lija. Batire likayamba kutha, wailesi inkalankhulabe bwinobwino, koma mbale inkaulula: woimba wamkazi ankasanduka bambo wotopa, ng'oma zikukokeka. Ku Dedza tinkaliyanika padenga kuti lipezeko kamphamvu. Ku Mzuzu mu Juni ungayanike padzuwa liti? Kumacha kuli nkhungu, kamvula kowaza tsiku lonse. Chinyontho chomwecho chinkalowa m'mapepala osungiramo mbale, n'kumeretsa nguwi yotuwa m'timizere. Ntchito yanga yoyamba pa gumbagumba inali imeneyo: kupukuta mbale ndi kansalu kofewa motsatira mizere, n'kuziimika chilili m'katoni, kutali ndi mbaula, chifukwa mbale ikamva moto imapindika ndipo siwongokanso.

Miyezi yoyamba tinali alendo enieni. Anansi athu pafupifupi onse anali Atumbuka ndi Atonga, anthu aulemu, koma moni akatipatsa ankathera pomwepo. Ndili mwana sindinkamvetsa. Ndinadzazindikira nditakula kuti kuyambira 1968 Chitumbuka chinali chitachotsedwa pa MBC, n'kutsala Chichewa ndi Chingerezi basi. Ife tinabwera tikulankhula chinenero cha wailesi, bambo akugwira ntchito ya boma, pa nthawi imene munthu sunkadziwa amene angakunenere. Ine sindiwaimba mlandu. Bambo akatsegula nkhani za madzulo, pabwalo pankangoti zii.

Mbale ndiye zinali zina. Mwa zimene amalume anasiya munali simanjemanje wa ku Joni, rumba ya ku Zaire, ndi kanindo, nyimbo za magitala othamanga za ku Kenya zimene kuno tinazitcha dzina la mkulu wina amene ankazijambulitsa. Zambiri za kanindo zinkaimbidwa m'Chiluo. Mchewa sankamva, Mtumbuka sankamva, Mtonga sankamva. Aliyense ankangoikamo mawu akeake n'kumavina. Loweruka lina bambo ali kumsonkhano, mayi anaika kanindo akuchapa, zenera lili lotsegula. Atatukula mutu anapeza ana a mzere wonse akutimba fumbi pakhomo, amayi awo ataima kumpanda akuseka.

Mayi anali munthu wamaso. Pofika mwezi wotsatira anali atayambitsa tipate. Kwa achinyamata amene simunazione: mwininyumba ankaphika tiyi, mandasi, zitumbuwa ndi thobwa, n'kutulutsa gumbagumba pakhonde. Zakudya zinkagulidwa, inde, koma ndalama yeniyeni inali pa nyimbo. Wina ankaponya 5 tambala m'mbale yachitsulo kuti nyimbo yake iimbidwe. Isanafike pakati, wina ankaponya 10 tambala kuti ichotsedwe, kuikidwe yake. Woyambayo, poti mtsikana amene akumufuna akuyang'ana, ankawonjezera. Nyimbo ya mphindi zitatu inkatha kuyambidwa kambirimbiri osafika kumapeto, mayi ali phee pampando, akuwerenga ndi maso.

Lamulo la amalume linagwa pamenepo. Bambo anakana kuima pakhonde kumatumikira anthu oledzera ndi kuvina, mayi manja anali m'mafuta, ndiye anatsala ndani? "Iwe, samba m'manja ubwere kuno," anatero mayi. Anandiphunzitsa kugwira mbale m'mphepete, kutsitsa singano osanjenjemera, ndi kusaiwala kabatani. Ukaika ya 45 kabatani kali pa 33, anthu ankakukuwiza. Sindinkatha kuwerenga bwino mayina achilendo, koma mbale iliyonse ndinkaidziwa ndi mtundu wa pepala lapakati ndi zipsera zake. Madoda a ndevu anayamba kundinyengerera. "Mwana wa adada, tiikireko ija ya dzana ija." Chitumbuka changa ndinachiphunzira pakhonde pamenepo, osati kusukulu.

Chinthu chimodzi chimene ndimadana nacho mpaka lero ndi nzeru ya ndalama pamkono. Mbale ikakhala ndi chipsera singano inkalumpha, kapena kubwereza mawu amodzimodzi, ndiye akuluakulu ankaika tambala pamutu pa mkono kuti ulemere. Zinkathandiza usiku umenewo. Koma singano yolemedwa imalima timizere, makamaka ikakhala yotha kale, ndipo pakapita miyezi mbale imangolira mwaphokoso ngati chimanga chokazinga. Mbale zambiri zabwino za m'dziko muno sizinafe ndi ukalamba, zinaphedwa ndi tambala.

Bambo zonsezi sankazikonda. Iwo anagula gumbagumba kuti izikhala pabalaza, pamwamba pali kansalu koluka ndi chithunzi chaukwati, alendo aziona kuti muno mukukhala kalaliki. Akabwera Lolemba ankatsegula chivindikiro, kuyang'anitsitsa singano pa kuwala kwa zenera, n'kupukusa mutu. "Amake mwana, chinthu ichi mudzachipha." Mayi ankangoyankha kuti, "Chikafa tidzagula china, bambo, ndalama zake zilipo." Ndipo zinalipodi. Mu Okutobala, sukulu zikutsegulidwa, fizi yanga ndi ya achemwali, mayunifolomu ndi nsapato zoyamba za moyo wanga zinachokera m'chitini cha mayi, malipiro a bambo asanatuluke.

Sananene kanthu. Koma atapita ku Blantyre pa ntchito mwezi wotsatira, anabwerako ndi singano ziwiri zatsopano m'kapepala, ndi mbale zinayi za kanindo zimene anasankha okha. Anandipatsa ine, osati mayi, n'kundiuza kuti singano imodzi ndibise. Yachiwiriyo inadzatuluka pa ukwati wina ku Zolozolo, kumene ananditengera pa njinga pamodzi ndi gumbagumba ndili Sitandade 5, n'kukagona kunja kwa nyumba koyamba. Za ukwati umenewo, ndi za mkwati amene anafuna kugula gumbagumba yathu pakati pa usiku, tidzakambirana m'gawo lotsatira.