Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Kwa mnzanga ku Dar es Salaam

M'gawo lapitali ndinakusiyani pa Songwe, nditadinditsa pasipoti, ndikuwoloka mlatho wapansi kulowa ku Kasumulu. Munali mu 2018. Za m'njira sinditaya nazo nthawi: nthochi za ku Tukuyu, chisanu cha ku Makambako, makhotakhota a phiri la Kitonga amene anachititsa amayi ena m'basimo kupemphera mokweza. Chomwe sindingachidumphe ndi Mikumi. Msewu waukulu wopita ku Dar umadutsa m'kati mwa malo osungira nyamawa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndiye nyamalikiti, mbidzi ndi anyani mumaziona pawindo osalipira kanthu. M'mbali mwa msewu muli zikwangwani za chindapusa cha dalaivala wogunda nyama, nyama iliyonse ndi mtengo wake.

Mnzanga amene ndinkapita kukamuonayu tinakulira limodzi, mjigo umodzi, sukulu imodzi. Anakwatiwa ndi bambo wakwathu konkuno amene amagwira ntchito yotulutsa magalimoto padoko, chifukwa ambiri mwa magalimoto a ku Japan amene mumawaona ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amatsikira ku Dar. Anandichingamira pa Ubungo, pomwe mabasi akutali ankaima nthawi imeneyo asanawasamutsire ku Mbezi. Iwo amakhala ku Kigamboni, tsidya lina la doko.

Ndisanapitirire ndikuuzeni za kope. Kwathu kuno ukangotchula kuti ukupita ku Dar, aliyense amakumbukira kuti alibe nsapato. Azakhali anafuna chitenje, mlongo wanga foni, amayi a kumpingo nsalu zofanana za kwaya, oyandikana nawo nyumba mapoto. Ena anapereka ndalama, ena anangoti "mukatigulire, tidzaonana pobwera." Zonsezi ndinalemba m'kope lasukulu, zoti ndikagule ku Kariakoo, dera lamalonda la ku Dar. Mnzanga ataliwerenga anaseka mpaka misozi, nalitenga, naliika pamwamba pa filiji.

"Iwe, wabwera kwa ine kapena wabwera ku Kariakoo? Kope ili ulionanso Lolemba."

Usiku woyambawo m'nyumbamo munali mkangano wosangalatsa. Ine ndinkafuna zakudya za kumeneko, eni nyumba ankafuna zakwathu. Ndinali nditawatengera ufa woyera, usipa, nsinjiro, botolo la Nali ndi Sobo, ndipo alamu atangoona ufawo anati, "Alamu, lero zampunga ayi. Ugali wa kuno umalimba, munthu sudziwa ngati wadya nsima kapena wagwira ganyu." Tinaphika zonse ziwiri. Mnzanga anakhala pa kampando kamtengo kokhala ndi chitsulo chamano kutsogolo kwake, amati mbuzi, n'kumapala kokonati wong'ambidwa pakati. Zopalazo anazithira madzi ofunda n'kufinya kawiri. Madzi achiwiri, opepukawo, anaphikira mpunga ndi nyemba. Oyamba, okhuthalawo, anawasunga mpaka kumapeto nyemba zitapsa, kuti asadukeduke pamoto. Nyemba zoterozo ndinali ndisanadyepo. Ine ndinathera kumpunga, alamu anathera kunsima ya usipa wotendera, mwana wawo wobadwira komweko akutiyang'ana tonse modabwa.

M'mawa mwake tinalawirira kukakwera pantoni, chombo chowolotsa anthu padoko. Mtengo unali mashilingi 200 okha, ndipo nthawi imeneyo kwacha imodzi inkasintha pafupifupi mashilingi atatu, ndiye muwerengere nokha. Anthu, njinga zamoto, mabajaji, magalimoto, zonse m'chombo chimodzi, kuwoloka kwake mphindi zochepa chabe. Mlatho ulipo, wa Nyerere, wotalika mamita 680, womwe anautsegula mu 2016, koma ndi wozungulira komanso wolipiritsa, choncho anthu wamba opita m'tauni amakondabe pantoni. Tili pamadzi panadutsa sitima yamakontena ikulowa padoko. Ine amene ndinkayesa Ilala chinthu chachikulu ndinangoti kukamwa yasa.

Mukangotsika pa Kivukoni, fungo limakuuzani lokha kuti msika wa nsomba uli pafupi. Apa ndipo ndinachedwa, ndipo ndichedwanso pofotokoza. Asodzi amakhuthula nsomba pamatebulo asimenti, wina n'kumaitanira mtengo mofuula, amayi atazungulira ndi zidebe zawo, aliyense akukweza pang'onopang'ono mpaka mulu utapeza mwini. Mukagula, pali anyamata opala mamba ndi kutumbula, ndipo tsidya la msewu kuli okazinga m'machiwaya akuluakulu, utsi uli tolo. Munthu wa kunyanja ine ndinkaona ngati nsomba ndimazidziwa. Kumeneko ndinaona zofiira, zabuluu, zazitali kuposa mwana wa sitandade 1, nkhanu zazikulu kuposa dzanja la bambo, ndi chinthu chamiyendo isanu ndi itatu chomwe amati pweza. Mnzanga anandigulira zidutswa zake, zowiritsa n'kukazinga, zobaya ndi kamtengo, kuviika mutsabola ndi mandimu. Ndinatseka maso poluma. Chimatafunika ngati nthutumba ya nkhuku, ndipo ndinawonjezera. Koma kunena zoona, pa nsomba zonse zomwe ndinalawa kumeneko palibe inafika pa chambo chowamba cha ku Mangochi. Alamu anavomereza, mnzanga anati tonse awiri ndife okanika.

Zoona m'tauni tinaziyenda wapansi, thukuta lili kamukamu, chifukwa kutentha kwa Dar n'konyowa, munthu umasamba n'kutuluka thukuta usanavale. Tinadutsa pa tchalitchi cha Azania Front chamatailosi ofiira, chomwe anamanga amishoni a ku Germany kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Pa chipilala cha Askari, msilikali wamkuwa ataloza mfuti chakudoko, ndinaima nthawi ndithu. Anachiimika mu 1927 pokumbukira Aafirika amene anamenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndi amene ankasenza katundu wa asilikali, ndipo chinandikumbutsa chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) cha ku Zomba, pakuti nkhondo yake ndi yomweyo, ndipo azigogo athu a ku Nyasaland anaponderezedwa nawo mtengatenga womwewo. Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale tinaona magalimoto amene ankayendera Mwalimu Nyerere ndi nkhani ya chigaza chakalekale chomwe Mary Leakey anafukula ku Olduvai mu 1959. Mnzanga, amene wakhala mumzindawo zaka zambiri, anaulula kuti kanali koyamba kulowamo. Ndi mmene zimakhalira, mwini mudzi amadikira mlendo kuti akaone za kwawo.

Madzulo alamu anatitengera ku Coco Beach kukadya chinangwa chokazinga ndi mishikaki, nyama yowotcha yobaya pa timitengo. Gombe lenilenilo silinandigwire mtima. Amene anafikapo ku Chintheche sangatengeke nalo. Chinandidabwitsa ndi madzi kuthawa. Tinafika nyanja itabwerera kutali, patatsala miyala ndi ndere, ndiye tikumadya inayamba kubwerera yokha mpaka pomwe ana ankasewera mpira panamira. Ya kwathu sichita zimenezo. Pobwerera tinaima pa kakhumbi ka chipsi mayai, tchipisi chothira mazira n'kukazingira limodzi m'kapoto kosaya, pamwamba kachumbari. Bilu yonse alamu analipira okha, ndipo nditatulutsa kachikwama kanga anakwiya zenizeni. Ndinadziwa bwino kuti mwezi umenewo magalimoto sankatuluka kwambiri padoko, moti nyamayo inkandivuta kumeza.

Lolemba kope linatsika pafiliji. Tinakwera basi yabuluu ya mwendokasi, yoyenda m'njira yakeyake pakati pa msewu, kukatsikira ku Gerezani. Kariakoo si msika umodzi ayi. Chinyumba chachikulu chamsika chija, chotsegulidwa mu 1975 chomwe chinadzapsa mu 2021, ndi kachigawo chabe. Malonda enieni ali m'misewu yozungulira, msewu uliwonse ndi katundu wake. Ku Congo zovala, ku Uhuru zitenje ndi makanga, ku Aggrey mafoni ndi zamagetsi. Mnzanga anandipatsa malamulo tisanalowe: chikwama kutsogolo, foni m'kati, ndipo wina akakuitana kuti "dada, dada" usayankhe, ndiyankha ndine. Oitanawo ambiri ndi mawinga, anyamata opanda shopu amene amakutsogolera kwa mwini katundu n'kuikapo yawo pamwamba.

Mashopu ake ndi ting'onoting'ono, munthu kutembenuka movutikira, koma musapusitsike. Zomwe zapachikidwazo ndi zoonetsa chabe. Mukagwirizana mtengo mnyamata amathamangira kusitolo, m'chipinda chapansi kapena pamwamba pa nyumbayo, n'kubwera ndi mtolo paphewa. Ine Chiswahili changa chinkathera pa moni, ndiye wogulitsa ankalemba mtengo pa kakyuleta, ine kufufuta n'kulemba wanga. Mnzanga ankafikisa chitenje pakati pa zala, kuchitembenuza kuona ngati maluwa akuoneka mofanana mbali zonse, kenako n'kuchiponya pansi ngati sakuchifuna. Ndinazindikira zitenje zingapo zomwe ndinkaziona pa Taifa Market ku Mzuzu, ndipo ndinaseka ndekha nditamva mtengo wake wa kumeneko.

Koma apa ndi pomwe ndikufuna ondituma aja amve, ngati akuwerenga. Ku Kariakoo kuli mitengo iwiri, wa jumla ndi wa rejareja, woodetsa ndi wa chimodzichimodzi. Kutchipa kumene timamva kwathu kuno ndi kwa ooda: madazeni, mitolo, makatoni. Ukafuna nsapato imodzi, poto mmodzi, foni imodzi, wogulitsa amakuyang'ana mwaulesi n'kutchula mtengo womwe, ukaphatikiza kusintha ndalama, kunyamula ndi msonkho wa pachipata, umangofanana ndi wa mu Limbe. Pa zonse za m'kope lija, chomwe chinapindula ndi nsalu za amayi a kwaya basi, poti zinali zambiri ndi zamtundu umodzi. Azakhali ndinawagulira chitenje chawo chifukwa ndi azakhali. Mapoto ndinawasiya, ndalama za eni ake ndinabwerera nazo, ndipo a "tidzaonana pobwera" tinaonanadi, chimanjamanja.

Titatopa tinakhala pabenchi pafupi ndi msewu wa Msimbazi, kumwa madzi a nzimbe ofinya pomwepo, othira jinja ndi mandimu. Mnzanga anatenga kope lija, natsegula tsamba lopanda kanthu, nayamba kuwerengera: mtolo wa zitenje ku Kariakoo, mtengo wa lole yonyamula katundu mpaka ku Lilongwe, msonkho, ndi mtengo womwe amayi a kuofesi kwathu ankagulira chitenje pangongole ya mwezi. Anazungulira nambala yotsalayo ndi cholembera n'kundipatsira.

"Ndalama yako ya transipoti yobwerera isunge. Yotsalayo tigule mtolo umodzi, ukayese. Ukaluza udzanditukwane."

Alamu atamva madzulo ake anangoti adziwa dalaivala wina wodalirika wonyamuka Lachinayi. Mmene mtolo umenewo unayendera, ndi zomwe amuna anga ananena ataupeza pabalaza, ndikuuzani m'gawo 18.