Anandisiyira shopu tsiku limodzi lokha

Alamu anga ali ndi kashopu pa Mchinji boma pomwe amalemba maina pa matabwa ndi pulasitiki ndi makina a laser. Tsiku lina akupita ku Chipata kukaoda katundu anandiuza kuti "alamu, muzingodina batani basi, musamasule kanthu." Ine eee musadandaule.

Ndiye panali oda ya kachikwangwani ka ukwati, koma makina akulemba mofooka chifukwa utsi wa matabwa unali utadetsa kagalasi kachikasu kaja kamene kamasonkhanitsa kuwala. Katswiri ine ndamasula, ndauzira mpweya haaa, ndapukuta ndi shati kenako ndamalizitsa ndi chala, chala chomwe chinali chitangotuluka m'kapepala ka mtedza wokazinga. Kanawala bwinobwino amwene, mpaka ndinadziyamikira. Ndabwezeramo, ndadina. Dzina la mkwati latuluka lonse, kufika pa mkwatibwi kunangomveka tche! kenako kafungo kachilendo, basi zii.

Alamu atabwera sanakalipe, anangokhala pa benchi nkuyamba kundiphunzitsa, bola akanangondimenya. Akuti laser ya makina awowo, ya mtundu wa CO2, imatulutsa kuwala kwa 10.6 micrometre kosaoneka ndi maso, kagalasiko ndi ka zinc selenide ndipo pamwamba pake anapaka coating yopyapyala kwambiri yothandiza kuti kuwala kudutse. Mafuta a chala amamwa kuwalako, pamalopo pamatentha, coating imapsa, kagalasi nkung'aluka. Akuti ngakhale ku fakitale asanapake coating amayamba atsuka galasilo mu makina a ultrasonic m'chipinda chopanda fumbi, chifukwa kafumbi kamodzi kakatsekeredwa pansi pa coating ndi pomwe laser imayambira kuboola. Iwo amapukuta ndi mankhwala otsukira otchedwa isopropyl ndi kapepala kake kapadera, osakhudza ndi chala. "Azungu akuopa fumbi, inu mwaikapo chiponde."

Ine pofuna kuthandiza ndati nanga tikachotsa galasi limodzi pa mandala a agogo aja, poti amawerengera diso limodzi kale? Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Akuti galasi wamba silola kuwala kumeneku kudutsa, komanso ndisayerekeze kuyandikira agogo.

Tili mkati mokambirana mkwati uja watulukira kudzatenga katundu wake. Wanyamula thabwa, waliyang'ana kutsogolo, walitembenuza kumbuyo, kenako wafunsa mwaulemu kwambiri, "achimwene, nanga akazi anga ali kuti?" Alamu anangoloza ine.