Madigiri 95 Pabalaza

Ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati. Okutobala ndi mwezi wa ndalama komanso wa thukuta: Loweruka ukwati, Lolemba akwati ayamba kale kuimba foni kufunsa ngati vidiyo yatheka. Chaka chino ndinadzimangira kompyuta yatsopano, yaing'ono mwadala, poti kwathu ku Area 25 ofesi yanga ndi kangodya ka pabalaza, pakati pa firiji ndi kabati ya mbale.

Bolodi yake, pamene pamalumikizidwa zida zonse za kompyuta, ndi ija amati Mini-ITX, masentimita 17 mbali zonse. Purosesa, ubongo wa kompyutayo, ndi Ryzen 5 5600G, ndipo pamwamba pake ndinaikapo choziziritsira cha Noctua chachifupi, mamilimita 37 okha, chifukwa chachitali sichikanalowa m'kabokosiko. Fani ndi imodzi basi. Imakoka mphepo kudzera m'timabowo ta pamwamba pa bokosi n'kuipemerera pazitsulo, mphepo yotenthayo n'kutulukira m'mbali. Anzanga akabwera ndinkawafunsa kuti aloze pamene pali kompyuta, iwo n'kumaloza sipika.

Mavuto anayamba sabata imene apongozi anga anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu, koma ine zinthu ziwirizi sindinazilumikize. Ndikasiya vidiyo ikurenda (kompyuta ikulumikiza zonse zimene ndakonza kuti zikhale vidiyo imodzi yomaliza) m'mawa n'kupita kukajambula, pobwera madzulo ndinkapeza sinafike ndi theka lomwe. Kutsegula HWiNFO, pulogalamu imene imasunga kutentha kwapamwamba kumene makina afika, ndinkaona madigiri 95. Pamenepo ndiye pamalire a purosesa imeneyi: ikafikapo imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Chodabwitsa n'chakuti usiku, ine ndili pompo, ntchito yomweyo inkayenda bwinobwino osafika ndi pa 80 pomwe.

Ndinayamba ndaloza chala dzuwa. Lilongwe wa mu Okutobala, denga lamalata, madigiri kupitirira 30 masana. Nanga fani ikamakoka mphepo yotentha kale iziziritsa bwanji? Ndinatseka makatani. Mawa lake, 95.

Kenako ndinati ndi thermal paste, mafuta aja amapakidwa pakati pa purosesa ndi choziziritsira. Ndinadzuka m'bandakucha, makina ali ozizira, ndinamasula masikuluwu n'kukoka. Apa mverani, inu amene muli ndi AM4, mtundu wa soketi imene purosesayi imalowamo: paste ikazizira imamata, ndiye mumayenera kuyatsa kaye makina atenthe pang'ono, kenako n'kupotoza choziziritsiracho pang'onopang'ono musanakoke. Ine ndinangozula. Purosesa inatuluka nacho limodzi, itakakamira kunsi, miyendo ili m'mwamba. Miyendoyo ilipo 1,331, yopyapyala zedi, ndipo ingapo ya pakona inali itagona. Ndinakhala pansi ndi lezala, tochi ya foni ndili nayo kukamwa, n'kumawongola umodziumodzi, mkazi wanga ataima pakhomo la kuchipinda manja ali m'chiuno.

"Bambo a mwana, kodi si chomwe chija munati n'chatsopano?"

Sindinayankhe. Pakamwa panali foni.

Mwa chisomo chake inayaka. Paste ndinaika yatsopano, kadontho kamodzi pakati, ndipo ndinalowanso mu BIOS, momwe munthu amasinthira kayendedwe ka makina. Purosesayi imayendera mawati 65 koma imalola kuitsitsira pa 45, zomwe zimachepetsa kutentha ndithu pomwe liwiro limangotsika pang'ono. Ndinatsitsa. Fani nayo ndinailamula kuti izithamanga ndi mphamvu zonse nthawi zonse, ndipo kabokosi kaja kanayamba kulira ngati chigayo cha dizilo. Ndinachoka m'nyumba ndikuimba mluzu.

Madzulo ndinapeza kompyuta itazima yokha. Vidiyo inathera pamene mkwati amati ayankhe.

Tsiku lotsatira ndinaiwala batire la kamera, ndiye ndinatembenukira pa Kanengo kubwerera kunyumba cha m'ma 10 koloko. Kulowa pabalaza, kompyuta kulibe. Pamalo pake panali kachulu. Pansi kansalu koyera koluka pamanja, kamphonje m'mbali, kosokerera ndi nsalu ina mkati. Pamwamba pake chitenje chopinda kanayi. Pamwamba pa chitenjecho vazi ya maluwa apulasitiki, yokhazikidwa ndendende pa timabowo ta mphepo. Kuchokera pansi pa zonsezi kunkamveka kubuula.

Apongozi anali pamkeka akusenda mtedza.

Tsono inu mukudziwa kuti mkamwini sangolowa n'kuyamba kuvundukula zinthu zimene apongozi avundikira ndi manja awo. Ndinanjuta chapatali, ndinapereka moni, ndinafunsa za miyendo yawo, za mtedza, maso ali pavazi. Kenako ndinalowera kukhitchini chammbalimbali.

"Mayi a mwana, zija zili pakompyuta zija..."

"Amayi amaika mukangotuluka," anatero akutsuka mpunga, osatembenuka n'komwe. "Ine ndimachotsa ndikamva geti."

"Masiku onsewa? Ine mpaka kuwongola miyendo ndi lezala?"

"Nanga ndikanatani? Inu munandifunsa? Chitenjecho angowonjezera dzulo, akuti chayamba kusokosera mwana."

Mlandu unakambidwa pabalaza pomwepo, tonse atatu, koma mawu ankadzera kwa mkazi wanga ngakhale tinatalikirana mamita awiri okha. Ine ndinati awauze amayi, mwaulemu, kuti chinthucho chimapuma, ndipo mphuno zake ndi timabowo tija. Apongozi anasenda mtedza wina kaye. Kenako anati awauze bambo a mwana kuti chinthu chogula ndi ndalama zambiri sichikhala pambalambanda mwezi wa fumbi ngati uno; wailesi yawo ya kumudzi yakhala yofunditsidwa chigulireni ndipo sinadandaulepo. Anatinso m'mawa uliwonse akapukuta pamwamba pake, nsalu imachoka yofiira.

Pamenepo sindikanatsutsa. Fumbi la ku Area 25 likalowa m'zitsulo za choziziritsira chaching'ono chotere limatseka mipata, ndipo pakapita miyezi umapezanso 95 yemweyo popanda wina kufunditsa kanthu. Ndinavomera kuti nkhawa yawo ndi yoona, ndinalonjeza kugula kasefa kopyapyala ka fumbi n'kumakatsuka. Iwo anavomera kuchotsa chitenje ndi vazi. Pa kansalu ndiye anakanitsitsa.

Anatenga singano yawo yolukira, ndipo pofika Lachisanu anali ataluka kena, kopanda nsalu mkati, kamabowo akuluakulu olowa chala. Anakayala okha pakompyuta, n'kuuza mwana wawo kuti andifunse ngati tsopano chikupuma. Ndinayesa usiku onse atagona: kamawonjezera madigiri ochepa chabe, ndipo pa mawati 45 vidiyo imatha bwinobwino, kungoti mochedwerako. Ndinaganiza zopirira mpaka mvula yoyamba, poti munthu wa munda sangakhale m'tauni nthawi yodzala.

Dzulo ndinafunsa mkazi wanga, monong'ona, kuti amayi akufuna tiwagulire liti tikiti ya basi. Akuti tisavutike, mbewu anatuma kale mlamu wanga kuti akadzale, ndipo panopa akufunsa muyeso wa kamera.