Zikomo nonse, mpanda wathu wa maluwa watsekana

Abale ndi alongo, mtima sukundilola kukhala chete. Khoma lathu litagwa ndi mvula yamkuntho tinakhala pambalambanda, mphamvu zomanganso zinalibe. Lero mpanda wa maluwa womwe tinabzala m'malo mwake watsekana, wafika m'chifuwa, ndipo ana akusewera pabwalo ife mitima ili m'malo.

Ndiyambe ndi inu bambo a ku nazale. Maso anga anali pa oleander chifukwa cha maluwa ake apinki, koma musanandionetse mbande iliyonse munandifunsa ngati pakhomo pali ana ndi ziweto. Munandiuza kuti mtengowu ndi wapoizoni ponseponse, masamba, utomoni, ngakhale utsi wake ukawotchedwa. Lantana nayo munandikaniza: mbalame zimamwaza njere zake, imalanda malo a zomera zina, ndipo ng'ombe zikadya masamba ake zimadwala chiwindi. Mukadangondigulitsa zomwe ndinkaloza palibe akadakudzudzulani. Ambuye akudalitseni.

Ndi inunso munandiphunzitsa kuti mbali iliyonse ya bwalo ili ndi mtengo wake. Kumsewu, kumene dzuwa limaswa mtengo, tinaika bougainvillea. Minga yake ndi mlonda wokwanira, ndipo sichedwa kunyanyala ukamaithirira kwambiri, imangochulutsa masamba maluwa osaoneka. Kumene kumasewera ana tinabzala hibiscus, yopanda minga, koma iyi ndiye ya ludzu ndipo nsabwe zimaikonda kunsonga zanthete. Duranta wa masamba achikasu tinamuika kukhomo kokha, motalikirana masentimita 30 mpaka 40. Amakula msanga zedi, koma tizipatso take ta olenji si tabwino kwa ana ndi agalu, choncho timamumeta asanabereke. Kunena zoona, amene alibe nthawi yogwira sizasi pafupipafupi asam'yambe ameneyu.

Azakhali, inu munabwera ndi mtolo wa nthambi za hibiscus zodula bwino, zokulungidwa m'chiguduli chonyowa, n'kugwada nane pansi kuzibzala m'timachubu. Zija zinafota masiku oyamba ine n'kutaya mtima, inu munangokanda khungwa ndi chikhadabo, n'kundionetsa kuti mkati mudakali mobiriwira. Zambiri mwa izo ndi zomwe zikuchita maluwa ofiira lerozi.

Achimwene oyandikana nafe, zikomo pondibwereka sizasi ndi chingwe, komanso pondionetsa kametedwe koyenera: kumunsi kutambalale, kumwamba kuchepe, kuti dzuwa lifike mpaka masamba apansi. Mipanda yambiri imayoyoka kumiyendo n'kusiya mipata yodutsa nkhuku chifukwa chosadziwa zimenezi. Munatithiriranso mbande pamene tinali kuchipatala ndi mwana, osatiuza n'komwe. Tinangopeza dothi lili lonyowa, pamizu mutaphimbira ndi udzu.

Mayi a kunyumba ndi ana, munatunga madzi osadandaula m'chilimwe chonse. Ndikuthokozani kuchokera pansi pa mtima.

Amene mukufuna nthambi za hibiscus kapena bougainvillea, mvula ikangoyamba ndiuzeni, ndikudulirani.