Chimbale cha wopanga mabiti: momwe mungaitanire alendo osataya dzina lanu

M'chaka cha 2010, M-Phazes, wopanga mabiti wa ku Australia, adatulutsa chimbale chake choyamba, Good Gracious, kudzera ku kampani yotulutsa nyimbo ya Obese Records ya ku Melbourne. Pachikuto padali dzina lake, koma mavesi adalavula ndi alendo monga Bliss n Eso ndi Drapht. Chaka chomwecho chimbalecho chidapata mphotho ya nyimbo ya ku Australia yotchedwa ARIA, m'gawo la Best Urban Album. Anyamata amene mumakhala pa FL Studio, pulogalamu yopangira mabiti, usiku wonse ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Bangwe, njira imeneyi njotheka kwa inunso, ndipo ndi njira imene imachotsa dzina la wopanga biti kuseri kwa woimba n'kuliika patsogolo.

Vuto lalikulu ndi ili: anthu khumi, aliyense wajambulira kwake, maikolofoni zosiyana, zipinda zosiyana. Mukangosonkhanitsa, chimbale chimamveka ngati nyimbo zotoleza m'fulashi ya m'minibasi ya ku Limbe. Mankhwala ake amayambira pa biti. Sankhani ng'oma zochepa, makiki (ng'oma yolira pansi) awiri kapena atatu ndi masineya (ng'oma yolira mothetheka) omwewo, muzigwiritse ntchito m'chimbale chonse. Womvera azizindikira dzanja lanu woimba asanatsegule pakamwa.

Potumiza biti kwa mlendo, lembani liwiro lake ndi kiyi pa dzina la fayilo. Muuzeninso malo ake: mabala 16 (bala imodzi ndi kugunda kanayi), kuyambira pakuti mpaka pakuti. Pa liwiro la 90 BPM (kugunda ka 90 pa mphindi), mabala 16 amatenga masekondi pafupifupi 43, ndiye munthu akabwera ndi vesi ya mphindi imodzi ndi theka, dziwani kuti sadawerenge. Mutu wa nyimbo muupereke ndinu. Mukasiya aliyense alembe zakumtima kwake, wina adzaimba za chibwenzi, wina za kukwera mtengo kwa ufa, kolasi n'kukhala yosagwirizana ndi aliyense.

Tsopano pojambula mawu, ndipo apa mpamene ntchito zambiri zimafera. Ngati n'kotheka, alendo onse abwere ku situdiyo imodzi, pa maikolofoni imodzi. Ngati wina ali ku Lilongwe kapena ku Joni, mupatseni malamulo awa asanayambe. Ajambule mu WAV (mtundu wa fayilo yosafinyidwa), 24-bit, ndipo sample rate (kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu tojambulidwa pa sekondi) ikhale yofanana ndi yanu, kaya 44.1 kaya 48 kHz. Pakamwa patalikirane ndi maikolofoni masentimita 15, kansefa kali pakati kuti "p" ndi "b" zisaphulike. Mawu akakwera kwambiri asapitirire -6 dB pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu, chifukwa mawu ong'ambika sasokeka. Atumize mawu ouma, opanda reverb (kumveka ngati uli m'holo) kapena Auto-Tune (yowongola mawu pa kiyi), vesi payokha, zobwereza pazokha, zokometsera pazokha. Fayilo iliyonse iyambire pa bala yoyamba ya biti, ngakhale kutsogolo kukhale zii masekondi 40. Akadula chete uja, mudzataya ola lonse mukusuntha mawu ndi khutu, ndipo kaimbidwe kake ka mwiniwake kadzasokonekera.

Pa WhatsApp atumize ngati document. Akatumiza ngati voisi, foni imafinya fayiloyo, zokwera zonse n'kumveka ngati munthu akuyankhula m'chitini.

Chipinda chofolera malata musajambuliremo mvula ikugwa, kuyambira Novembala mpaka Malichi konzani nthawi yanu poyang'ana kumwamba. Matiresi kumbuyo kwa woimba ndi bulangeti lochindikala pazenera zimachita zambiri kuposa timabokosi ta mazira tomwe ambiri amakhoma pakhoma, timene sititseka phokoso ngakhale pang'ono. Magetsi amatha kuthima pakati pa vesi, choncho yatsani autosave, pulogalamu izisunga yokha ntchito mphindi 5 zilizonse, ndipo sungani ntchito pawiri.

Posakaniza, mawu a alendo onse adutse pa reverb imodzi ndi delay (yobwereza mawu ngati eko) imodzi. N'chimene chimanamiza khutu kuti onsewa adaima m'chipinda chimodzi. Dulani kulira kwapansi kosafika 80 Hz pa mawu aliyense kuti besi ipume.

Chotsala ndi pepala, ndipo ndikupemphani musalizengereze. Tsiku lojambula lomwelo, lembani dzina lenileni la aliyense, amene walemba mawu, amene wapanga biti, ndi gawo la aliyense pa 100. Ambiri amagawa theka kwa wopanga biti, theka kwa olemba mawu, koma chachikulu n'chakuti onse asayine nyimbo isanatuluke. Ikayamba kulira pa wailesi, ubale umavuta kukambirana. Pepala lomwelo ndi limene mudzapite nalo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso m'Malawi, polembetsa nyimbo. Ngati mlendo ali ndi kontrakiti ndi kampani ina, chilolezo chichokere kumeneko, cholembedwa. Ndipo ngati mwadula kachidutswa ka gitala m'nyimbo yakale ya kuno kwathu, kapezeni mwiniwake kapena banja lake mugwirizane. Kusintha liwiro kapena kiyi sikuchotsa umwini wake, ndipo ofalitsa nyimbo pa intaneti amatha kuichotsa mwiniwake akadandaula.